Asidi ndi Alikali M'nyumba Mwathu

Amai ndi atate, m'nyumba zambiri za m'makomboni mumapezeka mankhwala awiri amene angaononge kummero kwa mwana m'kanthawi kocepa: madzi a m'batire ya galimoto ndi kositiki soda wopangira sopo. Sabata ino tiyeni tiphunzire za magulu awiri a mankhwalawa, amene ana athu a kusekondale amawacha asidi ndi alikali.

Asidi ndi zinthu zowawasa, monga mandimu ndi viniga. Alikali ndi zinthu zoterera pakhungu, monga sopo, soda wophikira delele ndi cidulo ca phulusa. Zinthuzi zikasungunuka m'madzi, ukali wake umapimidwa ndi muyeso wochedwa pH, umene unayambitsidwa ndi katswiri wina wa ku Denmark, dzina lake Sørensen, m'caka ca 1909.

Muyesowu umayambira pa 0 kufika pa 14. Madzi enieni ali pakati, pa 7. Pansi pa 7 pali asidi: viniga ali pafupi ndi 3, mandimu pafupi ndi 2, madzi a m'batire pansi pa 1. Pamwamba pa 7 pali alikali: soda wophikira ali pafupi ndi 8, sopo pa 9 kapena 10, kositiki soda pa 13 mpaka 14. Mukatsika ndi nambala imodzi yokha, asidi waculuka kakhumi. Magazi athu amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi: mbali zonse ziwiri zimaocha. Alikali waukali amanyenga, cifukwa samapweteka msanga nthawi zonse, koma amalowerera mkati mwa mnofu.

Kusukulu amaphunzitsa kuti asidi ndi alikali zikakumana zimathetsana mphamvu, n'kutsala mcere ndi madzi. Zimenezo n'zoona, ndipo ndiye cifukwa cake mankhwala a cilungulira amaziziritsa asidi wa m'mimba. Koma asidi waukali akakumana ndi alikali pamatuluka kutentha kwambiri. Kholo lomwetsa mandimu mwana amene wamwa kositiki soda likuonjezera moto pa bala.

Ngozi ikacitika, citani izi:

1. Pakhungu kapena m'maso: bvulani zobvala zimene zanyowa, ndipo tsirani madzi oyera ambiri kosalekeza kwa mphindi 20.
2. Ngati wamwa: musamusanzitse, pakuti mankhwalawo adzaocha kummero kaciwiri pobwerera. Musamupatse mandimu, viniga, soda kapena mafuta ophikira. Mucukucitseni m'kamwa ndi madzi, alabvule.
3. Thamangirani kucipatala ngakhale mwanayo aoneke ngati ali bwino. Nyamulani botolo la mankhwalawo kuti adokotala alione.

Popewa ngozi, musasunge mankhwala m'mabotolo a zakumwa, cifukwa mwana waludzu sawerenga zolembedwa. Aikeni pamwamba kapena motseka ndi loko. Posungunula kositiki soda, thirani sodayo pang'onopang'ono m'madzi ozizira, osati kuthira madzi pa soda, kuopa kuti angakuthovokereni kumaso. Ndiponso musasakanize Jik ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira cimbudzi, pakuti mumatuluka mpweya wa klorini umene umaononga mapapo.

Lero lomwe, yang'anani kunsi kwa bedi ndi kuseri kwa citseko. Botolo liri lonse limene mwana wokwawa angalifikire, licotsenipo.