ZA CIKOPE COGWA

Alipo ana ena amene abadwa ndi cikope ca pamwamba cogwa, pa diso limodzi kapena pa onse awiri. Mwana wotere mudzamzindikira poona kuti akweza cibwano cace ndi kukwinya pamphumi akafuna kupenya kutsogolo. Anzace amseka namucha watulo, ndipo akuru ena ayamba kuganizira za ufiti. Koma cifukwa cace ciri m'kamnofu kakang'ono kamene nchito yace ndiyo kutukula cikope. Kamnofuka sikanakule bwino mwanayo ali m'mimba mwa amace.

Makolo, mvetsani apa. Diso la mwana liphunzira kupenya monga mwendo uphunzira kuyenda, ndipo nyengo ya kuphunzirako itha pa zaka 7 kapena 8. Cikope cikaphimba pakati pa diso m'zaka zimenezi, bongo uzolowera diso linalo lokha, ndipo lophimbidwalo likhala lofooka, ngakhale cikope cikonzedwe pambuyo pace. Cotero musati, adzacira akakula. Pitani naye kucipatala ca maso akali wamng'ono, dotolo ndiye aweruze ngati kuyembekeza kuli bwino.

Kukonza kwace kuli kwa mitundu iwiri. Ngati kamnofu kali ndi mphamvu pang'ono, dotolo akafupikitsa, ndipo cikope cikwera. Ngati kalibe mphamvu konse, alumikiza cikope ndi mnofu wa pamphumi, kupyolera pansi pa khungu, ndi kacingwe ka kucipatala kapena kocokera m'ncafu mwa wodwalayo. Tsono munthu atsegula diso pokweza nsidze. Masiku oyamba diso silitsekeka bwino pogona, ndiye musaleke mankhwala odontheza amene akupatsani.

Kwa okalamba cikope citsika pang'onopang'ono cifukwa kamnofu kaja katamuka. Zimenezi sizifuna liwiro, koma gogo akayamba kutukula cikope ndi cala kuti aone njira, opareshoni yace njaing'ono, ndipo kawirikawiri aicita iye ali maso.

Coopsa ndi cikope cogwa mwadzidzidzi. Cikagwa pamodzi ndi mutu waukali, kapena munthu aona zinthu ziwiriziwiri, mwina mtsempha wa m'mutu wapwetekeka. Athamange naye tsiku lomwelo. Ndipo munthu wolumidwa ndi mamba, zikope zikayamba kulemera, ululu wa njoka wagwira kale mitsempha, ndipo kupuma ndiko kudzabvuta posacedwa. Musataye nthawi ndi kutema mphini. Mnyamuleni, asayende yekha, kufikira kucipatala.