Kubwerera Kumudzi Bere Litachotsedwa: Mafunso ndi Mayankho kwa Amayi a kwa Mwape ndi Abale Awo

Mawu oyamba

Mwa nthenda za khansa zimene zimagwira amayi m'dziko lino la Zambia, yotsogola ndi ya khomo la chiberekero, ndipo yotsatana nayo ndi ya m'mawere. N'chifukwa chake sichilinso chachilendo kuti mayi wa m'dziko la Mfumu Mwape, atapimidwa pa chipatala cha Nyimba kapena cha Petauke, natumizidwa kwa madotolo a ku St Francis ku Katete, a ku Chipata kapena a ku Lusaka, auzidwe kuti chopulumutsa moyo wake ndicho kuchotsa bere lodwalalo. Ntchito ya dotolo imatha m'maola owerengeka, ndipo masiku ogona m'chipatala sachuluka. Koma kuchira kwenikweni, kumene kumafuna masabata 4 kufikira 6, kumachitikira kumudzi, kutali ndi anamwino, m'manja mwa mbumba. Mafunso ali m'munsimu tawayankha poyera, pakuti safunsa anadya phula. Komatu pamene mawu athu asiyana ndi a dotolo amene anachita opaleshoni, a dotoloyo ndiwo atsatidwe, popeza iye ndiye anaona bala.

1. Kodi kukonzekera kuyambe liti, ndipo akonzekere ndani?

Kuyambe mayi asananyamuke kupita kuchipatala. Atsibweni, amene mwa mwambo wa Ansenga ndi Achewa ndiwo eni mbumba, aitane mwamuna wa mayiyo, abale ake aakazi ndi ana osinkhuka, nakhale pansi kugawana ntchito potchula maina: uyu madzi, uyu nkhuni, uyu mphika, uyu mwana wamng'ono, uyo munda, chifukwa ntchito yongonenedwa kuti "tidzathandizana" imasowa mwini pofika tsiku lachitatu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Asankhenso munthu mmodzi wofatsa mtima, wodziwa kuwerenga ndi kulemba, akhale wodwazika: ameneyo apite naye kuchipatala, akaone ndi maso ake momwe namwino akusamalira bala, ndipo asatuluke pachipata asanafunse tsiku lobwereranso ndi nambala ya foni yoimbira zinthu zikavuta. Chimanga chigayidwiretu, nkhuni ziunjikidwiretu, ndipo ndalama ya ulendo, ngakhale itachokera m'kugulitsa mbuzi kapena thumba la mtedza, isungidwe payokha. Ngati opaleshoni yagwa m'dzinja, pamene mitsinje imadzaza ndi njira za m'midzi zimavuta, nkwanzeru kuti mayi ayambe wakhala kwa mbale pafupi ndi chipatala pa Nyimba kufikira kapaipi ka pabala, kofotokozedwa pa funso 3, katachotsedwa.

2. M'nyumba mukonzedwe zotani?

Wogona pamphasa amadzuka motsamira manja, ndipo chimenecho ndicho chosayenera mkono wa mbali yochitidwa opaleshoni. Choncho, ngati nkotheka, pabwerekedwe bedi. Pakhale mitsamiro iwiri kapena itatu, kuti mayi agone chagada, msana utakwera pang'ono, mkono uli pamtsamiro, ndipo neti ikhale yopanda zibowo. Zimene amazifuna tsiku ndi tsiku, monga kapu, sopo, chipeso ndi mankhwala, zitsitsidwe m'mwamba, ziikidwe pofika dzanja. Malaya akhale otakasuka, omanga ndi mabatani kutsogolo, pakuti diresi lovalira kumutu limafuna kukweza manja onse awiri. Pakhalenso beseni loyera, nsalu zochapa bwino ndi kusita, tochi, kabuku ndi cholembera.

3. Kapaipi kotuluka pambali pa bala, kolowa m'botolo, n'kachiyani?

Pamalo pamene pachoka bere, thupi limatulutsa madzi osakanizika ndi magazi, ndipo kapaipiko kamawakokera kunja kuti asadikhe pansi pa khungu. Masiku oyamba madziwo amakhala ofiira, kenaka amayera pang'onopang'ono mpaka kusanduka achikasu, ndipo kusinthaku nkwabwino. Botolo likhale m'munsi mwa bala nthawi zonse. Mayi wodziwa singano asoke kathumba ka chitenje kokhala ndi chingwe chomanga m'chiuno, botolo lizikhalamo, kuti lisalendewere kapena kukodwa pachitseko. M'mawa uliwonse, pa ola lomwelo, wodwazika asambe m'manja ndi sopo, awerenge pamzere wa botolo pamene madzi afika, alembe m'kabuku, natsate zonse monga anamphunzitsa namwino. Kawirikawiri kapaipi kamachotsedwa pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri, madzi akachepera mamililita 30 pa tsiku, ndiwo masupuni aakulu awiri. Koma wokachotsa ndi wachipatala yekha. Kakachoka, madzi ena akhoza kudzikundika, pabala nkufufuma; pamenepo pasabooledwe ndi singano kapena lumo kunyumba, koma mayi apite kuti achipatala akawapope.

4. Bala tilisamale bwanji, nanga mankhwala a makolo tipakepo?

Bala la opaleshoni limafuna ukhondo ndi kuuma basi. Kufikira achipatala atalola, mayi azisamba mopukuta ndi kansalu, bandeji osainyowetsa, ndipo asalowe mumtsinje. Tikunena motsindika, ngakhale tidziwa kuti agogo amachita izi mwa chikondi, kuti pabala pasapakidwe phulusa, masamba osinja, mizu kapena mafuta, ndipo pachifuwa ndi pamkono pasatemedwe mphini, pakuti mmenemo ndimo molowera tizilombo tovunditsa bala. Mankhwala oletsa ululu, monga paracetamol, amwedwe pa nthawi yake osadikira kuti ululu ukule. Ma ARV, mankhwala a shuga ndi a BP asalekedwe. Dzanzi la pachifuwa, m'khwapa ndi m'kati mwa mkono, kulasalasa kwa apo ndi apo, ngakhale kumva kuti bere likadalipo ndipo likuyabwa, zonsezi zimadza chifukwa cha timitsempha timene tinadulidwa. Si malodza, si ufiti, ndipo zambiri zimazilala ndi miyezi, ngakhale dzanzi lina limakhalitsa.

5. Ndi zizindikiro ziti zotithamangitsa kuchipatala tsiku lomwelo?

Ndi izi: thupi kutentha kufika madigiri 38 kapena kunjenjemera, khungu lozungulira bala kutentha, kufiira, kutupa ndi kupweteka mowonjezeka, mafinya kapena fungo, bala kutseguka, magazi ofiira kudzaza botolo mofulumira kapena kunyowetsa bandeji, pachifuwa kutupa mwadzidzidzi ndi kulimba, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka m'katumba, kupuma mobanika. Kuno kufupi ndi Luangwa, thupi likatentha aliyense amati ndi malungo, ndipo nthawi zina ndi malungodi. Koma mayi amene ali ndi bala asagule mapiritsi pa kantemba nkukhala pakhomo, apite akapimidwe magazi, nakaonetse bala kwa namwino. Pofuna kuti magazi asaundane m'miyendo, aziyenda pang'ono pabwalo kangapo patsiku kuyambira tsiku lofika.

6. Mkono uzipumula kapena uziyendetsedwa?

Zonse ziwiri, chilichonse pa nyengo yake. Mkono wofungatidwa pachifuwa usana ndi usiku chifukwa cha mantha umaumitsa phewa, kotero kuti pambuyo pake mayi amalephera ngakhale kumanga duku. Kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni, afumbate ndi kufumbatula dzanja, apinde ndi kuwongola chigongono, akweze mapewa ndi kuwatsitsa, nawazunguze chakumbuyo, kasanu kapena kakhumi, katatu patsiku, osakweza mkono kupitirira phewa. Kapaipi kakachoka ndipo dotolo akalola, aime moyang'ana khoma, aike zikhatho pakhomapo, nakweretse zala pang'onopang'ono kufikira pamene amva kukoka, osati kupweteka. Pamenepo mwana alembe kamzere ndi khala, ndipo mawa lake mayi ayese kukapitirira ngakhale pang'ono chabe. Mizere ya makalayo, ikamakwera sabata ndi sabata, imalimbitsa mtima koposa mawu a odzazonda. Kuona maso a nkhono nkudekha.

7. Ntchito za pakhomo ayambe liti?

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Kwa masabata 4 kufikira 6 mayi asasinje, asapope mjigo, asatukule ndowa, asalime, asawaze nkhuni, asachape mabulangete, asavundule nsima ya banja lonse, ndipo asabereke mwana. Angathe kusankha nyemba, kusadza ndiwo ndi kuyang'anira ana ali chikhalire. Tidziwa kuti mayi wa kuno sakhala pansi anzake akugwira ntchito, ndi kuti liwu limodzi lokha loti "waulesi", lotuluka m'kamwa mwa apongozi kapena mlamu, likhoza kumdzutsa kukagwira musi bala lisanapole; wolankhula liwu lotere adziwe kuti wang'amba balalo ndi lilime lake. Nyengoyo ikatha, ntchito zibwerere imodziimodzi, kuyambira zopepuka, ndipo mkono ukamva kulemera upumitsidwe.

8. Tinamva kuti mkono umatupa. Nzoona?

Si onse amene amatupa, koma zimachitika. Nthawi zambiri dotolo amachotsanso anabere a m'khwapa, amene amasefa madzi a m'thupi ochokera kumkono. Akachoka, madziwo nthawi zina amayenda movutika, mkono nkutupa, mwina patapita miyezi, mwina zaka. Chifukwa chake mkonowo utetezedwe masiku onse a moyo ku minga, zisonga, chikwakwa, moto wa pamafuwa, udzudzu ndi kashembe. Popita kumunda mayi avale malaya a manja aatali, khungu alidzoze kuti lisang'ambike, ndipo kachilonda kalikonse akatsuke ndi sopo nthawi yomweyo. Zibangili ndi mphete zothina zivulidwe, ndipo namwino wofuna kuyeza BP kapena kubaya jakisoni auzidwe kuti, ngati nkotheka, agwire mkono winawo. Mphete ikayamba kuthina, kapena mkono ukamalemera madzulo, apite kuchipatala msanga, pakuti kutupa kongoyamba kumene kumamvera chithandizo. Koma mkono ukafiira ndi kutentha, apite tsiku lomwelo.

9. Adye chiyani?

Palibe chakudya choletsedwa chifukwa cha bala, ndipo wonena kuti mazira kapena nsomba zimabweretsa mafinya walakwitsa, pakuti zakudya zimenezi ndizo zomangira mnofu watsopano. Mayi apatsidwe mazira, nyemba, nkhuku, kapenta, nsomba za mu Luangwa, phala lotendera, chibwabwa, mapapaya ndi nthochi zimene Nyimba amadziwika nazo. Amwe madzi ambiri owiritsa kapena othira klorini, makamaka popeza mankhwala amphamvu a ululu amadzimbitsa. Fodya ndi kachasu zimachedwetsa kupola. Ndipo m'masabata amenewa mwambo woti mayi adye pomalizira uyambe waima: nthuli yoyamba ikhale yake.

10. Kodi khansa imapatsirana, nanga za m'banja zikhala bwanji?

Khansa sipatsirana m'mbale, pamphasa kapena m'kugwira bala. Siidza chifukwa cha chigololo, kulodzedwa kapena kusunga ndalama pachifuwa. Choncho mayi asapatulidwe mbale, ndipo kuloza zala kusalowe m'mudzi. Kwa inu abambo tinena mwaulemu koma mosabisa, kuti tsiku limene akazi anu adzavula bandeji, adzayang'ana nkhope yanu asanayang'ane chipsera. Amene munamtenga pamaso pa ankhoswe ndi yemweyo; akale anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo mawuwa ayenera ana, ayeneranso mwamuna. Kukhalira pamodzi monga banja kumabwerera bala likapola ndi mtima wa mayi ukalola. Koma mimba ipewedwe pa nthawi ya mankhwala a khansa, ndipo njira yolera isankhidwe pamodzi ndi dotolo, chifukwa mapiritsi ndi jakisoni wolera kawirikawiri saloledwa. Woyamwitsa afunsenso dotolo, popeza bere lotsala limatha kuyamwitsa, koma osati pa nthawi ya mankhwalawo. Wofuna kuti chifuwa chioneke cholingana asoke kamtsamiro kofewa ka thonje, akalowetse m'chovala cha m'kati bala litapola. Misozi isaletsedwe, pakuti wataya chiwalo chimene anayamwitsira ana ake. Amayi a mumpingo azimchezera, ndipo chisoni chikamletsa kudya ndi kugona kwa masabata, namwino auzidwe.

11. Bala likapola, ndiye kuti nthenda yatha?

Iyayi ndithu, ndipo pa mayankho onse ili ndilo losayenera kuiwalika. Bere lochotsedwa limapimidwa ku labotale, ndipo zotuluka m'menemo ndizo zimauza madotolo chotsatira: ena amalandira chemotherapy, mankhwala a m'diripi operekedwa kawirikawiri masabata atatu alionse kwa miyezi ingapo, amene amathothola tsitsi koma limameranso, ena amafunika radiotherapy, imene anthu amati kuwotcha ndi makina, ena amamwa mapiritsi monga tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kapena kuposerapo. Likulu la chithandizo chimenechi ndi Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, pafupi ndi UTH, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007. Ndipo ulendo wochokera pa Nyimba, wodzera pa mlatho wa Luangwa mu msewu wa Great East, ndi wa makilomita oposa 300. Pano ndipo pamataika amayi ambiri, pamene bala lapola, ndalama zatha, mvula yagwa ndi munda ukuitana, abale nkumati "wachira, apitirenji?", osadziwa kuti nthenda ingathe kutsalira pamene diso silifika. Chifukwa chake ndalama ya maulendowa ilingaliridwe kuyambira pa msonkhano woyamba uja wa mbumba, ndipo pamene banja laperewera, nyakwawa, mpingo ndi a chilimba auzidwe popanda manyazi. Makhadi ndi makalata a chipatala asungidwe m'pepala la pulasitiki. Mwezi ndi mwezi mayi azipapasa chipsera, m'khwapa ndi bere lotsala. Abale ake aakazi ndi ana ake, akamva chotupa, apite pa kiliniki osadikira kuti chipweteke. Tsiku lolembedwa pakhadi lilemekezedwe monga tsiku la mlandu wa kwa mfumu, limene munthu salisintha chifukwa cha mvula, maliro kapena kupalira. Ndipo atsibweni ndiwo aonetsetse kuti mayi wakwera basi.