Phunziro: Mwambo Wosiya Galimoto Nthawi Yaitali Pakhomo pa Ena

Chigwa cha Domasi chilibe bwalo la ndege zonyamula anthu wamba. Bwalo la ku Zomba limagwiritsidwa ntchito ndi asilikali, kotero munthu wa m'chigwachi amene ali ndi ulendo wa pandege amakakwerera ku Chileka, mtunda wa pafupifupi makilomita 100, kapena ku Lumbadzi kumene kuli bwalo la Kamuzu, lomwe linatsegulidwa mu 1983. Ngakhale mabwalowa ali kutali chotere, nkhani ya magalimoto osiyidwa ndi apaulendo ikukhudza anthu a m'dera la Mfumu Malemia mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi ya apaulendo eni ake. Mphunzitsi wa ku Domasi College of Education wopita kumsonkhano kunja, wamalonda wokagula katundu ku Johannesburg, ngakhale mkulu wopita ku Haji, akafika ku Chileka amapeza kuti malo oimikapo magalimoto a pabwalo ndi olipiritsa. Ena amasankha kusiya galimoto m'makwalala a m'midzi yozungulira bwalolo, patsogolo pa nyumba za anthu amene sakuwadziwa. Mbali yachiwiri ndi ya olandira. Mabanja okhala m'mbali mwa msewu wa M3, pa Songani, pa Domasi ndi pa Malosa, ndiwo amasungitsidwa njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi magalimoto ndi anthu otsika m'midzi ya kumapiri kapena okwera kuchokera kufupi ndi nyanja ya Chilwa kudzakwera basi. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala wolandira lero, mawa n'kukhala wosungitsa.

Mfundo ya phunziroli ndi imodzi: kusiya galimoto kwa masiku ambiri patsogolo pa nyumba ya munthu ndi kubwereka malo. Chobwereka chimapemphedwa, chimakhala ndi tsiku lobwezera, ndipo chimabwezedwa ndi mawu othokoza.

Msewu ndi wa onse, koma khomo lili ndi mwini

Wosiya galimoto kawirikawiri amadziteteza ndi mawu akuti msewu ndi wa boma. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma amaiwala chifukwa chimene msewuwo ulili wa boma. Lamulo la misewu la Public Roads Act limapatula malo okwana mamita 60 m'lifupi pamsewu waukulu monga M3, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Malowa anapatulidwa kuti pakhale ngalande, kuti oyendetsa aziona patali, kuti oyenda pansi akhale ndi pothawira, ndiponso kuti msewu udzakuzidwe pakafunika kutero. Sanapatulidwe kuti munthu mmodzi awasandutse mosungira katundu wake. Chinthu cha onse chikakhalidwa ndi mmodzi kwa mwezi wathunthu, ndiye kuti enawo alandidwa.

M'misewu yolowa m'midzi vutoli limakula. Galimoto yaing'ono imatenga malo osachepera mita imodzi ndi theka m'lifupi. Ikaima pamsewu wa mamita 4, malo otsalawo sakwanira lole ya njerwa kapena ya feteleza, ndipo ambulansi imadutsa mokhulana nayo ngati ingadutse n'komwe. Mayi woyembekezera amene akuthamangitsidwa naye ku Domasi Rural Hospital kapena kuchipatala cha St Luke's ku Malosa sangadikire kuti mwini galimoto atsike ndege sabata yamawa. Momwemonso anthu onyamula maliro kupita kumanda, amayi osenza ndowa kuchokera kumjigo, ndi ana opita kusukulu amene amakakamizika kulowa pakati pa msewu kuti alambalale galimotoyo.

Palinso nkhawa imene anthu a kunja saiona. Banja likadzuka n'kupeza galimoto yachilendo patsogolo pa nyumba, tsiku loyamba limangoyang'ana. Pofika tsiku lachitatu limayamba kufunsana ngati galimotoyo si yakuba, ngati mkatimo mulibe choopsa, ndiponso ngati apolisi akabwera sadzayamba kufunsa eni khomo. Galasi likasweka usiku, chala choyamba chimaloza ana a pakhomopo. Motero banja losalakwa limasenza udindo wa ulonda umene silinapemphe, ndipo palibe amene analipempha.

Zinayi zoyenera kuchita ulendo usanayambe

Choyamba ndi kupempha. Wapaulendo ayenera kufika pakhomo masana, kuodira, kulonjerana ndi eni ake, kudzitchula dzina ndi mudzi wochokera, kenaka n'kufotokoza chosowa chake. Kuuza mwana wopezeka pabwalo kapena mnyamata wogulitsa muokala si kupempha. Wopemphedwa akhale mkulu amene ali ndi ulamuliro pamalopo, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, mwini nyumba adziwenso. Yankho lakuti ayi lilandiridwe mwaulemu, popeza wokanayo amadziwa za pakhomo pake zimene mlendo sangazione: mwina pali chinkhoswe mwezi womwewo, mwina ndi pamene amayanikapo mpunga kapena chimanga, mwina ndi njira ya madzi mvula ikagwa.

Chachiwiri ndi kutchula tsiku. Mawu akuti "ndibwera posachedwa" si tsiku. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, ndipo n'chifukwa chake amalandiridwa ndi manja awiri. Galimoto yopanda tsiku lochoka yasiya kukhala mlendo. Wosungitsa atchule tsiku lobwera, ndipo agwirizane ndi eni khomo chimene chidzachitike tsikulo likadzapitirira.

Chachitatu ndi kusiya womuimirira. Munthu amene ali m'ndege kapena kunja kwa dziko sapezeka msanga pafoni. N'kofunika kuti pakhale mbale kapena mnzake wokhala pafupi, wodziwika kwa eni khomo, amene ali ndi makiyi ndi chiphaso choyendetsera galimoto, kuti pakagwa zadzidzidzi aisunthe. Galimoto yokhomedwa imene makiyi ake ali m'thumba la munthu ku Johannesburg ili ngati mwala wogwera pamsewu.

Chachinayi ndi kusankha malo. Malo abwino ndi mkati mwa mpanda kapena pambali pa nyumba, osati pamsewu penipeni. Galimoto isatseke chipata, njira ya kumjigo, ya kuchigayo, ya kumanda, ya kumzikiti kapena kutchalitchi. Isaime pakona kapena pamphambano pamene ingabise magalimoto obwera, ndipo isakhale pamwamba pa ngalande. Nyengo ya mvula ipewe malo otsika a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi ndi timitsinje totsika m'phiri la Malosa. Anthu a m'boma la Zomba akukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Madzi a mtundu umenewo akhoza kukokolola galimoto n'kuigunditsa kukhoma la nyumba ya amene anaichitira chifundo.

Ulendo umatha kutalika

Wina angaone ngati zonsezi n'zochuluka pa ulendo wa sabata imodzi. Koma ulendo sumvera mwini wake nthawi zonse. Kumapeto kwa Malichi 2020 dziko la South Africa linatseka malire ake chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo kuno ku Malawi ndege zonyamula anthu zinaimitsidwa pa 1 Epulo mpaka pa 1 Sepitembala chaka chomwecho. Amene anachoka akuyembekeza kubwera pakatha masiku ochepa anakhala kunja miyezi. Matenda, maliro, kutha kwa ndalama kapena vuto la ziphaso zoyendera zikhoza kuchita chimodzimodzi chaka chilichonse.

Galimoto yokhalitsa pamalo amodzi nayo siikhala momwe anaisiyira. Batire limatha mphamvu, matayala amaphwa, ndipo makoswe amalowa mu injini n'kutafuna mawaya. Udzu ukamera mozungulira, njoka zimapeza pobisala, ndipo nyengo yotentha tchire udzu womwewo umaitana moto. Madzi odikha mulona kapena kumbuyo kwa galimoto ya bokosi amaswetsa udzudzu wofalitsa malungo. Ana amakonda kusewera pansi pa galimoto yoima, n'chifukwa chake pamalo otsetsereka sipokwanira kukoka handibuleki. Matayala atsekerezedwe ndi miyala. Mapepala nawonso amatha. Inshuwalansi ndi chiphaso cha COF zikatha mwini ali kutali, ngakhale womuimirira uja sangailowetse pamsewu popanda kulakwira lamulo. Wanzeru amayang'ana masiku a mapepalawa asananyamuke, amachotsa katundu yense wooneka pagalasi, ndipo sasiya zigubu za mafuta mkati.

Udindo wa wolandira

Mwambo umenewu sumanga wosungitsa yekha. Amene wavomera kusunga chinthu cha mnzake wavomeranso kukhulupirika. Njinga yamoto yosungitsidwa si yochitira kabaza. Galimoto yosungitsidwa si yophunzirira kuyendetsa, si yonyamulira mbewu kumunda, ndipo mafuta ake si opopa. Ngozi ikachitika galimoto ili m'manja mwa munthu amene sanaloledwe, mlandu wake umakhala waukulu ndipo chibale chimathera pomwepo.

Wolandira ali ndi ufulu wofunsa mafunso asanavomere. Ngati munthuyo ndi wachilendo, aonetse chiphaso cha unzika ndi bulubuku ya galimotoyo, kuti maina aoneke ngati akugwirizana. Malamulo a dziko lino amaletsa kulandira kapena kusunga katundu amene munthu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa choganizira, kuti ndi wakuba. Munthu wobwera usiku, wofulumira, wokana kudzitchula ndiponso wolonjeza ndalama zambiri ndi woyenera kumukana.

Nkhani ya malipiro ikambidwe poyera poyamba pomwe. Ena amasunga mwaulere chifukwa cha chinansi, ena amalipiritsa, ndipo zonse ziwiri n'zololeka. Cholakwika ndi kukhala chete poyamba, n'kudzatchula mtengo mwini atabwera, kapena kukaniza makiyi mpaka ndalama italipidwa. Amvanenso ngati wolandirayo akungopereka malo kapena akulonjeza ulonda, chifukwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo mikangano yambiri imabadwira pamenepa. Kapepala kachidule kolembapo maina, nambala ya galimoto, tsiku losiya, tsiku lotenga, zilema zimene galimotoyo ili nazo kale ndi dzina la mboni kamateteza mbali zonse. Ulendo ukakhala wopitirira sabata, n'kwabwino kudziwitsa anyakwawa ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi.

Mwini akabwera, asangotenga makiyi n'kuliza injini. Alowe, apereke moni, afotokoze za ulendo, athokoze, asese pamene panali galimoto, ndipo ngati dzanja lilola asiye kamphatso. Kupatsa n'kuika. Amene wathokoza lero wakonzera malo mnansi wake amene adzapemphe pakhomo lomwelo chaka chamawa.

Galimoto yachilendo ikapezeka pakhomo

Mkwiyo wa mwini khomo amene watsekeredwa njira ndi womveka, koma kuphwetsa matayala, kukala penti, kuswa galasi kapena kukankhira galimoto m'ngalande ndi mlandu wowononga katundu. Wolakwiridwa amasanduka wolakwa. Njira yoyenera ndi kulemba nambala ya galimoto ndi tsiku limene yaoneka, kufunsa anansi ngati pali amene akuidziwa, kenaka kudziwitsa anyakwawa ndi komiti ya chitetezo. Mwini akapanda kudziwika, kapena galimotoyo ikatseka njira ya anthu, nkhaniyo ipite kupolisi, chifukwa apolisi ndiwo angafufuze mwini wake kudzera m'kaundula wa nthambi ya Road Traffic. Mwini akapezeka, mkanganowo ukambidwe pamaso pa mfumu, modekha, cholinga chikhale kutsegula njira, osati kuchititsa munthu manyazi.

Zimene maiko ena anachita

Kumaiko kumene magalimoto anachuluka kale, mwambo utalephera panabwera malamulo okhwima. M'madera ena ozungulira mabwalo a ndege a Heathrow ndi Gatwick ku England, makhonsolo anakhazikitsa dongosolo lakuti m'makwalala ena muziima magalimoto a anthu okhala komweko okha, amene ali ndi chiphaso, ndipo wophwanya amalipira chindapusa. Mumzinda wa Los Angeles ku America, galimoto yoima pamsewu malo amodzi kupitirira maola 72 ikhoza kukokedwa, mwini wake n'kulipira kuti aiwombole. Njira zimenezi zimagwira ntchito, koma zimadya ndalama zolembera anthu oyendera misewu, ndipo zimapweteka ndi alendo enieni a pakhomo omwe.

Lamulo la maboma ang'ono la Local Government Act la mu 1998 limapatsa khonsolo mphamvu zokhazikitsa malamulo a m'dera lake, ndipo maganizo a anthu amafika kukhonsolo kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC komanso mwa khansala wa wodi. Komabe lamulo limafika pamene ulemu wathera. Walira mvula walira matope: chitukuko chimene chikubweretsa magalimoto ndi njinga zamoto m'chigwa cha Domasi chikubweretsanso kuthinana kwa njira. Mudzi umene ungagwirizane msanga za malo osungirako magalimoto, za njira zosayenera kutsekedwa ndi za munthu wodziwitsidwa udzapewa milandu imene midzi ina idzatayirepo nthawi ndi chibale.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa VDC

1. Ndi njira ziti m'mudzi muno zimene ambulansi kapena lole singadutse pakaima galimoto imodzi?

2. Kodi pafupi ndi siteji pali malo otetezeka amene eni ake angalole kuti apaulendo azisungitsapo njinga ndi magalimoto mwadongosolo? Nanga malipiro ake angagwirizanidwe bwanji?

3. Galimoto yachilendo ikaoneka, papite masiku angati anyakwawa asanadziwitsidwe, ndipo ndani adzapereke uthenga kupolisi?

4. Ndi mfundo ziti zimene komiti ikufuna kuti khansala akazitule ku ADC?

Mlembi wa komiti alembe zomwe zagwirizanidwa, ziwerengedwe pamsonkhano wa mudzi wonse, ndipo kope limodzi liperekedwe kwa khansala wa wodi.