Khoma la nyumba ya mitengo kwa Mbenje: likhale lochindikala bwanji?

Amene wagonapo ku Bangula kapena ku Sorgin mwezi wa Okutobala amadziwa kuti nthawi ya 9 koloko usiku khoma limakhala lidakali lofunda ngati mbaula, ndipo anthu amayala mphasa pabwalo, udzudzu wochokera ku Dambo la Njovu n'kumadya bwino. Ku Canada amachindikalitsa khoma la matabwa n'kuikamo zinthu zonga thonje kuti kutentha kusatuluke. Kuno kwa Mfumu Mbenje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, timafuna kuti kusalowe, ndipo kukalowa kutuluke msanga. Ndiye musathamangire kufunsa za kuchindikala kwa khoma. Pali zina zofunika kuziona kaye.

Yambani ndi pansi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 komanso a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri ponyowetsa m'munsi mwa khoma mpaka dothi kusungunuka. Funsani achikulire pamene madziwo anafika. Mangani maziko a njerwa zootcha ndi simenti, otalika masentimita 45 mpaka 60 kuchokera panthaka, ndipo ngati madzi anafika kuposa pamenepo, malowo si omangapo. Pamwamba pa maziko yalani pulasitiki wakuda musanaimike mitengo.

Kenako cheukirani dzuwa. Makoma ataliatali ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, aafupi ndiwo akumane ndi dzuwa la m'mawa ndi la madzulo.

Tsopano mitengo. Tsanya chiswe chimamulephera, koma wasowa, ndipo kukadula kunkhalango yotetezedwa ya Mwabvi ndi mlandu. Ambiri timagula bulugamu kapena matabwa a paini, omwe chiswe chimawakonda ngati nsima. Gulani othiridwa kale mankhwala. Oilo wakutha wa galimoto amathandizako pang'ono, koma salowa mpaka mkati mwa mtengo. Panyumba yopanda chipinda cham'mwamba, thabwa la 2 by 4 limakwana kunyamula denga la malata mukaimika nsichi motalikirana masentimita 60. Pangodya iliyonse khomani thabwa lopendekera kuchokera pansi kufika pamwamba. Amisiri ena amalidumpha poti likaphomedwa silioneka, komatu ndi limene limagwira nyumba pa mphepo ya mkuntho.

Pa kuchindikala, 2 by 4 amakupatsani mpata wa masentimita 10. Mukapingasa nsungwi kapena bango mkati ndi kunja, n'kumanga ndi linya, n'kuphoma dothi, khoma limafika masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Kwa ine pamenepa mpokwanira pa makoma atatu. Dothi silitsekereza kutentha, limangokuchedwetsa: limamwa dzuwa masana n'kulibweza pakapita maola angapo. Ku Dedza, kumene usiku kumazizira, zimenezi n'zabwino. Kuno khoma lochindikala kwambiri, lopanda mthunzi, limakubwezerani moto wake nthawi imene mukufuna kugona.

Khoma la kumadzulo ndiye lofunika kulipatula. Pamenepo gwiritsani ntchito 2 by 6, ndipo pakati pake musathire dothi lokhalokha. Dulani mapesi a mpunga kapena udzu wouma, muviike m'matope opyapyala ngati phala la mwana, ndipo muzitsendera pang'onopang'ono pakati pa nsichi. Timipata ta mpweya totsalira m'mapesimo ndi timene timatchinga kutentha. Mapesi osaviika m'matope musaikemo, mukhala mwamangira makoswe nyumba, komanso moto sumachedwa kugwira. Dikirani ziume ndithu musanamate kunja, apo ayi zidzachita nkhungu. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya mu Ogasiti kapena Seputembala, osati mvula itayamba kugunda. Mukamaliza, pakani laimu woyera, ndipo bzalani nimu chakumadzuloko, patali ndithu kuti mizu isafike pamaziko.

Ndalama zikachepa, chepetsani pa khoma osati pa denga, chifukwa kutentha kochuluka kumalowera pamalata. Khomani siling'i ya mphasa za bango kapena nsungwi zoluka, musiye mpata pakati pa iyo ndi malata, ndipo kumbali zonse ziwiri za denga kukhale timazenera totchinga ndi sefa kuti mpweya wotentha uzituluka. Denga litulukire kunja kwa khoma masentimita osachepera 60, kapena mumange khonde. Phaso lililonse limangiriridwe ku mtanda ndi waya wolimba, osadalira misomali yokha kapena miyala yosanjika pamwamba pa malata.

Mazenera ayang'anizane kuti mphepo izidutsa, ndipo akhale otsika kufika pafupi ndi msinkhu wa bedi. Mvula ikatha chaka chilichonse, zungulirani maziko muone ngati chiswe chamanga tinjira take tadothi tokwera kukhoma. Mukatipeza, tiphwanyeni tsiku lomwelo, mubaye nsichi yapafupi ndi msomali kuti mumve ngati mkati mwake mudakali molimba.