Buku Limodzi, Mayina Atatu

Teremu yathayi Bambo oyang'anira laibulale anandisankha kuti ndiziwathandiza kulemba makhadi a mabuku. Ine ndinkayesa kuti ntchitoyi ndi yongokopera dzina basi. Koma mnzanga wina wa Fomu 4 anatha sabata yathunthu akufunafuna The Imitation of Christ, buku la Thomas à Kempis, chonsecho linali pa shelefu. Wolakwa ndinali ine, popeza khadi lake ndinaliika pa chilembo T. Safunsa anadya phula. Nazi zimene Bambo anandiphunzitsa pambuyo pake.

Choyamba, dzina la buku timalitenga pa tsamba la mutu, lomwe lili m'kati koyambirira, osati pa chikuto. Pachikuto osindikiza nthawi zina amafupikitsa dzina. Posanja makhadi, mawu monga The, A ndi An akakhala koyambirira timawadumpha. N'chifukwa chake khadi lija linayenera kukhala pa I.

Chachiwiri, zizindikiro zili ndi ntchito yake. Timadontho tiwiri (:) timasiyanitsa mutu weniweni ndi mutu waung'ono woufotokozera. Chizindikiro cha = chimasonyeza kuti mutu womwewo walembedwanso m'chilankhulo china pa tsambalo. Kamzere kopendekera (/) kamatsogolera dzina la mlembi. Malamulowa ali m'buku la AACR2 la mu 1978, lomwe malaibulale ambiri analisiya n'kuyamba kutsata RDA, yomwe inatuluka mu 2010.

Chachitatu, buku limodzi likhoza kukhala ndi mayina angapo. Taganizirani Baibulo m'Chichewa. Pali Buku Lopatulika la mu 1922, Malembo Oyera la Akatolika la mu 1966, ndi Buku Loyera la mu 1998. Munthu wosadziwa angayese kuti ndi mabuku osiyana. Choncho wolemba makhadi amalemba dzina lililonse monga momwe lilili, komanso amawonjezera dzina limodzi lowagwirizanitsa: Bible, kenaka chilankhulo ndi chaka. Pa shelefu onse amakumana pa nambala 220, malinga ndi dongosolo limene Melvil Dewey anayambitsa mu 1876.

Anzanga, khadi lolakwika limabisa buku ngati kuti labedwa, pamene makolo ndi akufuna kwabwino anavutikira kuti tikhale nalo. Mukasowa buku, yesani dzina la mlembi, ndipo mukapeza khadi losokera, tiuzeni msanga. Mnzanga uja ndinamupepesa, ndipo Loweruka lotsatira tinakonzera limodzi makhadi onse a pa T.