Malo Ndi Anga, Nanga a Khonsolo Akufunanji?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Lilongwe. Akuti: "Ndinagula puloti kwa amfumu, mboni zilipo. Nyumba itafika pawindo, a khonsolo anadzalemba pakhoma ndi penti yofiira kuti ndisiye kumanga. Malo ndi anga, iwo akufunanji?"

Katswiri: Pepani bambo, njerwa ndi simenti satola pansi. Koma kukhala mwini malo n'kwina, kuloledwa kumangapo n'kwinanso. Ku Britain anazilekanitsa ziwirizi ndi lamulo la mu 1947, ndipo mpaka lero munthu wa kumeneko, ngakhale malo akhale a agogo ake, sangodzuka n'kukumba maziko a nyumba asanapemphe chilolezo kukhonsolo. Ife tinatengera komweko. Lamulo lathu la mapulani a matauni la mu 1988 linalowedwa m'malo ndi la mu 2016, koma mutu wake sunasinthe: mapulani ayambe avomerezedwa. Chimene chikundidetsa nkhawa pa kalata yanu ndi ogulitsawo. Malo ambiri a mkati mwa mzinda ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Musawonjezere mzera wina wa njerwa. Tengani mapepala anu onse, mukafunse kukhonsolo kuti pamapu awo malowo ndi a yani, ndipo anasungidwira nyumba, msewu kapena sukulu.

Muulutsi: Mayi ena a ku Dedza akuti abale awo a ku Angónia, m'dziko la Mozambique, amalima opanda pepala lililonse koma saopa kulandidwa munda. Akufunsa ngati n'zoona.

Katswiri: N'zoona ndithu, mayi. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT. Lamulo lawo la mu 1997 limati amene walandira malo mwa mwambo, kapena wakhalapo moona mtima kwa zaka 10, ufuluwo ali nawo kale ngakhale sanalembetse, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka pa mlandu. Kuno lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsata njira ina, yolembetsa, kudzera m'komiti yotsogozedwa ndi a gulupu, momwe mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Inu lembetsani, mayi. Mboni zimakalamba, zimamwalira.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Blantyre. Akuti pambuyo pa namondwe wa Freddy, bwanji boma osangogumula nyumba zonse zomangidwa popanda chilolezo?

Katswiri: Achimwene, mtima wanu ndikuumva. Zimene zinachitika ku Chilobwe mu Marichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja, palibe angaziiwale. Pamalo otsetsereka ngati amenewo, ndi m'mphepete mwa mitsinje, anthu ayenera kusamutsidwa, ndipo pamenepa sindikubweza mawu.

Koma kugumula chilichonse anakuyesa kale anzathu a ku Zimbabwe mu 2005, pa ntchito ija ya Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Anthuwo sanasanduke mphepo. Ambiri anakamanganso zisakasa kwina, zonyozeka kuposa zoyamba zija. Ku South Africa malamulo aakulu a dziko salola kuchotsa munthu m'nyumba kapena kuigumula popanda chigamulo cha khoti, ndipo khotilo limayamba lafunsa kumene anthuwo akalowere.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi cha ku Zambia. Mu 1974 anavomereza kuti makomboni a mu Lusaka, monga George ndi Chawama, sapita kulikonse. Anakhazikitsa lamulo lopatsa okhalamo chiphaso cha zaka 30, n'kuyamba kulambula misewu ndi kukoka mipopi ya madzi nyumba zili chiimire. Mavuto sanathe, a ku Kanyama amawolokabe madzi dzinja lililonse, koma munthu wodziwa kuti sathamangitsidwa mawa amalimba mtima kukhoma malata ndi kukumba chimbudzi chabwino.

Tisaiwalenso kuti kwathu kuno kuyambira 2005 mpaka 2014 tinalibe makhansala. Zaka zonsezo matauni ankakula popanda wosankhidwa ndi anthu woti afunse kuti mapuloti atsopano ali kuti. Munthu sakwera phiri ndi thumba la simenti pamutu chifukwa chokonda phirilo, amakwera chifukwa kumunsi palibe amene wamupimira malo. A makhonsolo amene mukutimvera, pimani mapuloti otsika mtengo anthu asanafike, muike zikhomo za malire, musiye mpata wa msewu ndi ngalande. Ndipo inu omvera, musapereke ndalama ya puloti musanaone mapu a kukhonsolo ndi maso anu.