Kalata yochokera ku Area 47

Achimwene a ku Area 47, kalata yanu tailandira. Mukudandaula kuti Disembala akafika, ku Bwandilo nyimbo zimakhala zomwezomwezo, za ku Nigeria ndi amapiano a ku Joni, ndipo mukufunsa ngati oimba odziyimira paokha atha kuno kwathu.

Sanathe ayi. Anthu ake anatulukira pakhomo panu pomwepo, ku Mtandire. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band ankayenda wapansi kukaimba m'misewu ya Lilongwe, wina atakhalira babatoni wa chingwe chimodzi wopanga yekha, mnzake akukwapula gitala uku chidendene chikugunda ng'oma. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako anayamba kudziwika ku Ulaya. Ife eniake ndiye tinachedwa kutchera khutu, n'zochititsa manyazi ndithu. Kwa ine, chimbale chawo cha Musakayike cha 2022 chimakwana pa phwando lililonse la Nyuwere.

Za Khirisimasi musavutike nazo. Kwaya ya kutchalitchi kwanu ikaimba usiku wa pa 24, wailesi siingapose pamenepo.

Mpunga ndi nkhuku zikapsa mutikumbukire, achimwene. Kwezani voliyumu, babatoni uja akubwera.